Galasi la Helemeti Yanga Linangopindika

Anzanga omvera, ine ndimagulitsa mabulosi ochokera pamwamba pa phiri la Zomba. Tsiku lina potsika, wakabaza wa njinga yamoto anandipatsa helemeti. Ndinafuna kukana poti ndinali nditangolukitsa tsitsi, koma iye anati, "Valani mayi, msewu wanyowa uwu."

Pakona ina njinga inaterereka. Ndinamenyetsa nkhope pamwala, n'kumva kuti phwa! Ndinangogona pomwepo nditatsinzina, kuopa kuti ndikatsegula maso ndipeza sindikuona. Nditalimba mtima n'kuyang'ana, galasi la helemeti yanga linali litangopindika. La wakabaza uja ndiye linali litasweka, chidutswa chakuthwa chitamulasa m'munsi mwa diso, magazi ali chuchuchu.

Bambo wina wokonza njinga ku Chinamwali anadzandiuza kuti magalasi awiri onsewo ndi apulasitiki, koma langa analisakaniza ndi pulasitiki wina wofewa ngati labala, n'chifukwa chake silinasweke. Pongoyang'ana simungawasiyanitse.

Mpaka lero ndimaganizirabe chinthu chimodzi. Mahelemeti awiriwo anali atakolekedwa pamodzi pahandulo, ndipo wakabaza uja anangotola imodzi osayang'ana n'kundipatsa.