Laisensi Imene Inatsala pa Seva Yakupsa

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Mkwiyo sunandichoke wonse, koma zimene Mulungu wandichitira sindingazibise.

Mkazi wanga Malita anamwalira mvula ikuyamba, n'kundisiyira mwana wamkazi, Takondwa. Malita tinakamuika kwawo ku Sharpevale. Tsiku lometa, alamu anga, malume a mwanayo, ananena pagulu kuti mwana ndi wa kuchikazi. Anandilola kukhala naye ku boma malinga ndili pa ntchito, koma ntchito ikadzatha adzabwera kudzamutenga.

Ndimagwira ntchito ya makompyuta ku bungwe lina logula mbatata kwa alimi. Tili ndi maseva, makina akuluakulu amene m'kati mwake mumayenda makompyuta ambiri osagwirika ndi manja, ndipo onse timawayang'anira pa pulogalamu imodzi. Seva iliyonse imafuna laisensi. Ndili kumaliro, magetsi anabwera mwamphamvu n'kuotcha seva imodzi. Abwana anagula ina, anaitana munthu kudzailumikiza, ndipo inkayenda pa masiku oyeserera, amene seva imaloledwa kugwira ntchito yopanda laisensi. Nditabwerera, masikuwo anatha. Makompyuta a m'katimo akazima sankayakanso, ndipo popeza sitinkatha kulemba zogula, alimi ochokera kumapiri ankabwezedwa pageti ndi matumba awo.

Ndikapatsa seva yatsopanoyo laisensi yathu, pulogalamu inkayankha kuti laisensiyo yadzaza, ilibe malo a seva ina. Ndinalembanso nambala zake, ndinazimitsa n'kuyatsanso chilichonse, ndinaimbira amene anatigulitsa. Ankangoti atiimbira. Abwana anandiuza pamaso pa anzanga kuti maliro anatha kalekale, ndipo sabata ikatha zisanakonzeke ndisadzabwerenso. Munthu ameneyu kumaliro sanapondeko, ngakhale uthenga sanatumize. Popemphera ndinalibe mawu aulemu. Ndinauza Mulungu kuti anatenga kale mkazi wanga, ndiye asatengenso mwana chifukwa cha bokosi la mawaya.

Sabatayo ikupita kumapeto, anandiimbira Yohane, amene tinaphunzira limodzi ku koleji ndipo amagwira ntchito ngati yangayi ku Blantyre. Kumaliro sanakwanitse kufika. Anati ali pa Nsipe, pafupi ndi boma lathu, akupita ku Lilongwe, ndipo sangadutse osandipepesa. Ndinamuuza mwaukali kuti ndilibe nthawi. Anabwerabe.

Analowa mu ofesi, anavula chipewa, anakhala pansi. Anati pepani achimwene. Kenako anafunsa mmene matenda anayendera. Za Malita zinandikanika. Ndinapezeka ndikumufotokozera za seva, ndipo iye anamvetsera mpaka kumapeto.

"Seva yakupsayo munaichotsa?" anafunsa.

"Ili kusitolo yathu yosungiramo katundu. Ndi makala okhaokha."

"Kusitolo inde. Nanga mu pulogalamumu?"

Tinayang'ana. Inalimo, m'gulu lina lobisika limene sitilitsegula kawirikawiri, dzina lake lili mbuu. Amene anaika yatsopano anangozula mawaya, koma pulogalamu inkaiwerengabe yakaleyo, ndipo laisensi inali ikadali pa iyo. Ndinaichotsa, ndinapereka laisensi kwa yatsopano, inalandira. Makompyuta anayamba kuyaka imodziimodzi. Yohane anandisiya ndikonze zotsala, anakhalanso pansi, n'kufunsa kachiwiri za matenda aja. Ulendo uno ndinamuuza zonse.

Abwana anangoti chabwino, osapepesa. Ndikupemphabe mtima wowakhululukira, ndipo sunabwere. Koma ntchito ndili nayo, ndipo m'mawa uno Takondwa ndamuperekeza ndekha kusukulu ya mkaka.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lamwano, n'kunditumizira thandizo kudzera mwa munthu amene ndinamukana pafoni. Inu amene muli pamavuto, musaleke kupemphera, ngakhale mawu akutuluka owawa. Ndipo ngati pali namfedwa amene simunakamupepese, musanene kuti nthawi yapita. Pitani.