A Haswell Mtonga ndi Ana Oyang'ana Pansi

Malemu amene atisonkhanitsa pano, Bambo Haswell Mtonga, anabadwa pa 14 Meyi 1953 m'mudzi wa Chizingwa, kwa Mfumu Mphamba, m'boma lino la Lundazi. Anali achitatu mwa ana asanu ndi awiri a malemu Bambo Whiteson Mtonga ndi malemu Mayi Agness Nyirongo, alimi a fodya ndi mtedza.

Sukulu anayamba mu 1961, atasiyira mng'ono wawo ng'ombe za atate awo. Anamaliza Fomu 5 mu 1973, ndipo mu 1976 analandira satifiketi ya uphunzitsi ku Chipata. Pa 25 Ogasiti 1979 anamanga ukwati woyera ndi Mayi Jemima Zimba. Mayi akuchitira umboni kuti pa zaka 46 zonsezi malemu sanapambanepo mkangano pakhomo, koma sanaleke kuyesa.

Ntchito imene ambiri tikuwakumbukira nayo inayamba mu Juni 1995. Pasukulu imene ankaphunzitsa kwa Mphamba panabwera akatswiri ofufuza za maganizo a munthu, kudzayesa nzeru za ana ndi luso lawo lozindikira za mumtima mwa anzawo. Malemu anasankhidwa kukhala womasulira. Mayeso ake anali otere: wofufuza ankanyamula chithunzi cha nkhope pambali pa nkhope yake, n'kuuza mwana kuti ayang'ane bwino ndi kunena ngati munthuyo wakondwa, wakwiya kapena ali ndi mantha. Papepala panalinso malo olembapo ngati mwanayo akuyang'ana womufunsa m'maso.

Inu nonse mukudziwa mmene timalerera ana kuno. Mwana waulemu sayang'anitsitsa wamkulu kumaso, makamaka mlendo wovala jekete. Anawo anagwada, n'kuyang'ana nsapato za alendo, ndipo ambiri anangoti sakudziwa. Lipoti litabwera, linati ana khumi ndi mmodzi a Giledi 5 nzeru zawo n'zochedwa, choncho achotsedwe m'kalasi, aikidwe m'gulu lapadera losalemba mayeso a Giledi 7. Kwa anawo, sukulu ikanathera pomwepo.

Malemu sankabisa kuti nawonso poyamba sanaone cholakwika. Mafunso anamasulira okha, mokhulupirika, ndipo mapepala ena anachonga ndi dzanja lawo. Maso awo anatsegulidwa ndi mmodzi wa ana ochotsedwawo, mtsikana wa zaka khumi dzina lake Watipaso Chirwa, amene kwawo kunali pafupi ndi nyumba ya aphunzitsi. Tsiku lina malemu akufika kuchokera kusukulu, mtsikanayo, yemwe ankasenda mtedza pakhonde ali chiweramire, ananong'oneza Mayi Jemima kuti aphunzitsi lero mtima wawo walemera. Mayi atamufunsa kuti wadziwa bwanji, anati sanalize belu la njinga pa mtengo wa mango monga amachitira, ndiponso phazi lamanzere akulikoka. Zinali zoona: m'thumba mwawo munali kalata yowauza kuti asaine lipotilo.

Sanasaine. Woyang'anira sukulu anawachenjeza kuti mphunzitsi wa satifiketi satsutsana ndi madokotala a maphunziro. Malemu anayankha mawu amene ana awo amawaloweza mpaka lero: "Ana awa sanalephere. Ife tawafunsa pamalo pomwe iwo sayang'ana." Anapempha teremu imodzi yokha, ndipo anapatsidwa, mwina pofuna kuti adzichititse okha manyazi.

Miyezi itatu imeneyo anayenda panjinga mudzi ndi mudzi, mpaka kufupi ndi Lukusuzi, kufunsa makolo kuti amadziwa bwanji kuti munthu wavutika mtima. Palibe anatchula nkhope. Anatchula kayendedwe, kaikidwe ka khasu pansi, ndi mmene munthu amakokera mawu poyankha kuti "nili makora" pamene sali bwino n'komwe.

Pa 3 Novembala 1995 ofufuza anabweranso. Anapeza mphasa itapachikidwa pa mitengo iwiri, pansi patatsala mpata wofika m'mawondo. Kuseri kwake kunkadutsa amayi ndi abambo a m'mudzi, mmodzimmodzi: wina kutula ndowa ya madzi mwaukali, wina kuyankha moni ngati wobisa uthenga wa maliro, wina kuyenda ngati wakolola bwino koma sakufuna anansi adziwe. Nkhope sinkaoneka, ndipo ana ankafunsidwa kunena zimene munthuyo akumva mumtima. Pa zitsanzo khumi, mwana wotsika kwambiri mwa khumi ndi mmodzi aja anakhoza zisanu ndi zitatu. Watipaso anakhoza zonse. Mkulu wa ofufuza anapempha kuti nayenso ayesedwe, ndipo anakhoza zitatu. Tiwapatse ulemu wawo bambowo: analemba okha nambalayo m'buku, n'kubweza lipoti lawo.

Ana onse anabwerera m'kalasi, ndipo mu 1997 analemba mayeso a Giledi 7. Asanu ndi anayi anakhoza. Mwa awiri otsalawo, mmodzi ndi a Darius Nyirenda, mmisiri wa matabwa ku msika wa Lundazi, amene akhoma bokosi lili patsogolo pathuli.

Mu 2003, ali ndi zaka makumi asanu, malemu anapita ku yunivesite ku Lusaka kukaphunzira za maganizo a munthu, ndipo anavala gauni mu 2007. Alongo awo ankawaseka kuti akhala zaka zinayi mumzinda kuphunzira zimene amayi awo ankazidziwa osagwira cholembera. Malemu ankavomera, n'kuwonjeza kuti kusiyana kwake n'koti iwo anazilemba. Anapuma pantchito mu 2008, koma ophunzira ankabwerabe pakhomo kudzafunsa za mayeso a mphasa.

Matenda a mtima anayamba mu Malichi 2025. Malemu, amene ankadziwa bwino zimene nkhope ingabise, anatibisira tonse ndi kumwetulira. Mu Juni kunabwera Mayi Watipaso Chirwa, omwe tsopano ndi namwino wosamalira odwala matenda a maganizo. Asanawaone n'komwe, anangomva mapazi awo akuchokera kuchipinda, n'kuuza Mayi Jemima kuti aphunzitsi apite kuchipatala tsiku lomwelo. Madokotala anati akanachedwa sabata imodzi, bwenzi titasonkhana kalekale. Malemu anakhala nafe miyezi ina isanu, namaliza kulemba m'Chitumbuka ndi m'Chinyanja buku lothandiza aphunzitsi. Anatisiya m'mawa wa pa 9 Novembala 2025, ali ndi zaka 72.

Asiya mkazi wawo Mayi Jemima, ana asanu, a Manasseh, a Sophia, a Bornwell, a Linah ndi a Mathews, zidzukulu khumi ndi zinayi, zidzukulutudzi ziwiri, ndi mlongo wawo mmodzi, Mayi Cathrine.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino, a mpingo, mafumu, aphunzitsi anzawo, ndi amayi amene akhala kukhitchini masiku atatu awa. Likuthokoza mwapadera ana aja a Giledi 5. Asanu ndi atatu mwa iwo ali pano, ndipo apempha kuti anyamule bokosi ndi iwo. Tawonga chomene.

Mukawaona akuyenda chiweramire, musawafunse kuti akumva chiyani. Yang'anani mapazi awo.

Aphunzitsi, mwagwira ntchito yanu. Mzimu wanu uuse mumtendere.