Mfumukazi Isagwade

Malemu mlongo wathu, amene ambiri mumangowatchula kuti Aphunzitsi, anabadwa pa 9 Juni 1961. Anali achitatu m'banja la ana asanu. Bambo athu ankagulitsa matikiti pa holo yoonetsera mafilimu, ndiye malemu anakulira pa benchi yakumbuyo, maso ali pakhoma.

Mu 1984 anamaliza maphunziro a mbiri yakale ku yunivesite ndipo anayamba kuphunzitsa. Analowa m'banja mu 1987. Alamu athu atilola kuulula kuti kuyambira chaka chimenecho sanaonerepo filimu mwamtendere. Mfumukazi ikangoyamba kulirira mwamuna, malemu ankaimitsa filimuyo n'kufunsa kuti kodi asilikali ankawalamula ndani, milandu ankaweruza ndani. Ankadandaula kuti mayi wolamulira dziko zaka makumi atatu, opanga mafilimu amangomukumbukira pa chikondi ndi nsanje basi. Ophunzira awo ambiri muli pano, mukudziwa kuti sankapsatira mawu.

Mu 2022 kampani ina yopanga mafilimu inawapempha kuti akhale mlangizi pa filimu ya mfumukazi yakale imene inalamulira yokha. Mwana wawo woyamba, amene anasiya ntchito yakubanki chifukwa chokonda zisudzo, ndiye anasankhidwa kukhala mfumukaziyo. Sitinawaonepo malemu atasangalala chotero.

Chaka chatha eni filimu anasintha mathero. Akufuna kuti mfumukazi igwade, ipereke ndodo yaufumu kwa mwamuna wake, ati oonera amakonda zotero. Malemu anakanitsitsa, chifukwa m'mbiri mulibe zimenezo. Mu Novembala anadwala mtima, ndipo ali m'chipatala ankangofunsa ngati gawo lomalizalo lajambulidwa. Anatisiya pa 14 Febuluwale, nkhaniyo isanathe.

Anamfedwa anzathu, sitikubisirani, mitima yathu ili m'mwamba. Gawolo likujambulidwa Lolemba likudzali. Mwana wathuyu akagwada, ndiye kuti wafafaniza zimene mayi ake anaphunzitsa moyo wawo wonse. Akakana, eni filimu amuuza kale kuti ena ofuna malowo alipo, ndipo iye ali ndi ana awiri oti adyetse. Chimwalirireni mayi ake sakudya, sakugona. Ife akuluakulu tayesa kukhala pansi, koma tasowa chomulangiza.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, zidzukulu zinayi ndi ife alongo awo awiri. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino, a mpingo, aneba, komanso ophunzira awo amene asonkhera bokosi. Tikuthokozanso eni filimu, omwe akhala kutsogolo kuno, potibwereka galimoto yonyamula thupi. Mwatithandiza kwambiri, mabwana, koma chonde galimotoyo musaiyese kuti yagula yankho la mwanayu. Adzayankha yekha Lolemba, ndipo ife tonse tidzamuperekeza.

Mzimu wa mlongo wathu uuse mumtendere.