Ba Mwiinga ndi Mwana Amene Seva Inamukana

Ba Dokotala, ba Sisita Maureen amene mumatiyang'anira, abusa, ba Florida amayi a kunyumba kwa ba Mwiinga pamodzi ndi ana ndi adzukulu, anamwino, anzanga a m'maofesi ndi a pageti, moni nonse. Ine ndine Tionenji, wa m'chipinda cha makadi pachipatala pano. Lero tikutsanzikana ndi ba Mwiinga, amene akupuma pa ntchito. Mawu anga ndalemba papepala. Mukaona ndikuyang'ana pansi, ndikuwerenga.

Ambiri pano ntchito ya ba Mwiinga simuidziwa bwino. Mumaganiza kuti amangokhala pa kompyuta n'kumadya mtedza. Za mtedzazo ndi zoona. Koma ntchito yake ndi iyi. Mwana aliyense wobwera ku sikelo ali ndi khadi. Za pakhadipo timazilemba mu kompyuta yathu, mwana mmodzi mzere umodzi. Lachisanu lililonse fayiloyo timaitumiza ku seva, kompyuta yaikulu imene ili ku Lusaka. Kumeneko ndi kumene kumachokera mayina a ana oyenera kulandira katemera.

Musaganize kuti ba Mwiinga anabadwa akudziwa zimenezi. Nkhani iyi anandiuza okha, ndiye musandiyang'ane choncho, ba Mwiinga. Makompyuta atangobwera, anatumiza fayilo, seva n'kuyankha kuti fayilo sikupezeka. Anatumizanso. Sikupezeka. Anaimbira foni ba Liywalii, amene amasamala seva ku Lusaka, ali kukalipa: "Ba Liywalii, fayilo ili pano! Niiona na maso yanga!" Ba Liywalii akuti anayankha mofatsa: "Imwe muiona, mudala. Manje seva ili kuno izaiona bwanji?" Seva inkafunafuna fayilo m'kati mwake momwemo, chifukwa palibe anaiuza kuti itenge kuchokera pa kompyuta ya kuno. Panangosowa liwu limodzi. Masiku atatu! Ba Muyunda a pageti amati tsiku lachiwiri ba Mwiinga anatembenuza kompyuta kuti iyang'ane ku Lusaka. Eni ake amakana mpaka lero.

Ba Mwiinga sataya fayilo. Pa kompyuta pali fayilo yotchedwa Yomaliza. Pali Yomaliza 2. Pali Yomaliza Zenizeni. Palinso ina yotchedwa Osagwira. Ndipo ba Florida, chitenje chanu chobiriwira chimene mwachifuna zaka zisanu chili kuno. Ndi chimene chimafunda kompyuta kuti isalowe fumbi. Ndachichapa, muchitenga lero.

Tsopano ndinene za ine. Ndinabwera pano kudzakolopa. Sukulu ndinalekeza giredi 7. Ba Mwiinga anaona mmene ndinkabwezera makadi pamalo pake ndikamapukuta mashelefu, ndipo anapempha kuti andiphunzitse kulemba mu kompyuta. Ba Sisita anavomera kuti ndiyesedwe miyezi itatu. Ananena poyera kuti zikapanda kuyenda ndibwerera ku mopu. Sanalakwe. Awa ndi mayina a ana a anthu.

Lachisanu lina m'mwezi wachitatu, ndinalemba makadi 412. Tinatumiza. Seva inayankha kuti zalowa. Ba Mwiinga anayamba kuvala jekete. Ine ndinayang'ana nambala imene seva inaonetsa. Inali 411.

 Ndinkadziwa kuti ndikalankhula, anthu aganiza kuti wolakwa ndi watsopanoyo. Koma ndinati, "Ba Mwiinga, mwana mmodzi sanafike." Anavula jekete.

Tinayang'ana netiweki, inali bwino. Tinayang'ana madeti, chifukwa seva imafuna chaka poyamba, kenako mwezi, kenako tsiku. Anali bwino. Tinayang'ana ngati pali dzina limene ndinaikamo chizindikiro cholakwika. Panalibe. Ba Mwiinga anatsegula buku lawo lija lachikuto chakuda, mmene amalembamo vuto lililonse limene kompyuta inawapatsapo. Vuto ili munalibe.

Ba Sisita atamva, anati, "Lolemba m'mawa ndifuna kudziwa wasowa ndani, ndiponso wamusowetsa ndani." Ndinapita kwathu ku Linda. Amayi anga sindinawauze kanthu.

Lolemba ndinafika molawirira. Tinasindikiza mapepala awiri, la kuno ndi la ku seva. Ndinatenga rula, n'kumatsika mzere umodzi umodzi. Pa mzere 287 ndinamupeza. Dzina la mayi wake sindingalitchule. Koma mzere 286 unali ndi mayi yemweyo ndi tsiku lobadwa lomwelo. Pa dzina la mwana, mizere yonse iwiri inali yolembedwa Mwana.

 Ndinaganiza kuti ndalemba khadi limodzi kawiri. Ba Mwiinga anati, "Osathamanga kuzipasa mulandu. Leta makadi." Ndinakatenga. Makadi anali awiri. Anali mapasa.

Inu amayi mukudziwa. M'mabanja ambiri kuno mwana sapatsidwa dzina mpaka mchombo utagwa, ena mpaka agogo atabwera kuchokera kumudzi. Ndiye mwana akabwera asanatchulidwe, ife timangolemba Mwana. Seva inaona mayi mmodzi, tsiku limodzi, dzina limodzi. Inaganiza kuti tabwereza, n'kutaya wachiwiriyo mwakachetechete. Mwana ameneyo sakanapezeka pa mayina a katemera.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere. Ba Mwiinga akanatha kungouza ba Sisita kuti takonza, nkhani n'kutha. Koma anakhala pansi nthawi yaitali osadya ngakhale mtedza. Kenako anatsegula mafayilo akale aja amene timawaseka nawo. Anabwerera m'mbuyo zaka zinayi. Anapeza mapasa ena asanu ndi awiri amene seva inawataya chimodzimodzi.

Anatenga pepalalo, n'kundiuza kuti ndiwatsate. Ku ofesi ya ba Sisita anaimirira, chipewa chili m'manja. Anati, "Ba Sisita, uyu Tionenji sanalakwise. Olakwa ndine. Zaka zonsezi seva ikati zalowa, ine ndimavala jekete. Sindinawerengepo. Woyamba kuwerenga ni uyu."

Munthu wa zaka makumi atatu pa ntchito, kunena choncho pamaso pa abwana, chifukwa cha wokolopa. Ine sindinadziwe koyang'ana.

Sabata imeneyo ba Mwiinga anayenda okha ndi anamwino kukafuna ana asanu ndi awiri aja, ena ku Nakatindi, ena kwathu ku Linda. Onse anapezeka. Awiri anali atatsalira pa katemera, ndipo analandira. Ba Liywalii anakonza seva kuti izisiyanitsa ana ndi nambala ya khadi, osati dzina. Ndipo pachitseko chathu panamatidwa lamulo la ba Mwiinga, lolembedwa ndi dzanja: werenga mizere usanatumize, werenganso ikafika.

Miyezi itatu itakwana, ba Sisita anandipatsa kalata yondilemba ntchito. Papita zaka zinayi tsopano.

Ba Mwiinga, zikomo. Munandiphunzitsa osandikalipira ngakhale tsiku limodzi. Ndikafunsa chinthu kasanu, munkayankha kasanu. Ana ambiri a m'tauni muno anabayidwa katemera pa nthawi yake chifukwa cha inu, ndipo sadzakudziwani nkomwe. Ife tikudziwa.

Pitani mukapume. Mukagone mpaka dzuwa lituluke. Mukasewere ndi adzukulu, mukayende pang'onopang'ono mu Mosi-oa-Tunya Road popanda kuyang'ana wotchi. Mulungu akupatseni thanzi, inu ndi ba Florida.

Lachisanu likubwerali ndidzakhala pa mpando wanu, ndipo ndidzatumiza ndekha. Ndikuopa pang'ono, sindibisa. Koma musadandaule. Mwana aliyense amene adzachoke pa kompyuta ino adzafika ku Lusaka, ndipo sindidzatseka chitseko asanafike.

Anzanga, tiyeni tiimirire. Manja kwa ba Mwiinga!