Tsiku Limene Amuna Anga Analakatula Pamanda

Mulungu alemekezeke, abale ndi alongo! Moni kwa abusa, moni kwa akulu a mpingo, moni amayi anzanga, ndi inu achinyamata mwaima kumbuyoko chifukwa mabenchi achepa. Ndapempha kanthawi kuti ndinene za ine. Ndikalira musadabwe. Mungondidikira.

Ine ndine Nasibeko. Kwathu ndi ku Ntcheu. Amuna anga ndi a Laisoni, awo akhala pafupi ndi zenera, akuyang'ana pansiwo. Iwo ndiwo anatsogola kubwera kuno ku Joni, n'kupeza ntchito ku Rosslyn, mu fakitale ya magalimoto. Atapeza kachipinda kuseri kwa nyumba ya munthu muno mu Atteridgeville, anandiitana. Munali chapakati pa zaka za m'ma 1970. Ndinabwera opanda mapepala oyenera, monga ambiri a inu mukudziwa mmene tinkabwerera.

Tinali ndi mwana mmodzi. Mtsikana. Dzina lake Feliya. Anali atangosiya kuyamwa. Ndinamusiya kwa amayi anga kumudzi, chifukwa ulendo unali woopsa, komanso ntchito ya m'nyumba za azungu salola mwana. Ndinamuuza kuti, "Ndikubwera kudzakutenga." Iye sanamve n'komwe. Ankaseweretsa chitsononkho.

Ntchito ndinaipeza m'tauni, kwa dona wina. Kuchapa, kusita, kukolopa, kulera mwana wake. Ndinkagona komweko, m'kachipinda ka kumbuyo. Kuno ndinkabwera Lachinayi ndi Lamulungu basi. Mwana wa donayo anali mtsikananso, msinkhu umodzi ndi Feliya. Ndikamamusambitsa ndinkati, wanga panopa watalika chonchi. Akaguluka dzino ndinkati, wanganso laguluka. Ndinkamulera mwana wanga kudzera m'mwana wa eni. Chaka chino tikamutenga, chaka chino tikamutenga. Zaka zinkangopita.

Ndiye Lamulungu lina masana, titangoweruka kutchalitchi, kunabwera bambo wina wa kwathu amene anali atangobwera kuchokera kumudzi. Anakana kukhala pampando. Anakhala pansi, pakhomo, chipewa chili pabondo. Ine ndinadziwa. Mayi amadziwa.

Anati, "Achimwene, alamu, ndatumidwa. Mwana uja anatisiya. Chikuku. Anaikidwa chimanga chisanache."

Chimanga chisanache, abale! Nthawi imeneyo kumudzi anali atakolola kale. Miyezi yonseyo ine ndinkayeza msinkhu wa mwana amene anali kale m'dothi. Ndinali nditamugulira nsapato. Nsapato za munthu wakufa!

Ndinagwa. Ndinakuwa mpaka eni nyumba anatuluka. Koma amuna anga anangoti, "Zikomo achimwene, mwayenda." Anamuperekeza mlendoyo mpaka pamsewu. Anabwera, n'kukhala chete. Lolemba m'mawa anatenga chikwama chawo, napita ku Rosslyn. Misozi ayi. Dzina la mwana ayi.

Kupita kumudzi sikukanatheka. Ndikanatuluka, sindikanalowanso. Ndipo ndikanapita kukaona chiyani? Mulu wa dothi umene udzu unali utamera kale. Choncho nanenso ndinabwerera kwa dona. Ndinamuuza. Anandigwira paphewa, n'kundipatsa tiyi, kenaka anandikumbutsa kuti madzulo kubwera alendo. Ndinasita nsalu za patebulo. Ndinamupesa mwana wake tsitsi.

Anthu a mpingo anabwera kudzapepesa. Mulungu akudalitseni, munabwera. Koma ndinene zoona pamaso pa Mulungu: mawu anu sankalowa. "Pepani amayi." "Limbani mtima." "Mulungu ndiye adziwa." Mawu abwino, mawu oona. Koma ankangondigunda n'kugwa pansi. Nanenso wina akandifunsa kuti mukupeza bwanji, ndinkati, "Ndili ndi chisoni." Chisoni! Mawu omwewo amene munthu amanena nkhuku yake ikafa. Ndikawanena ndinkamva ngati ndamunyoza mwana wanga. Ndiye ndinasiya kunena. Ndinasiya kuimba. Ndinasiya kupemphera. Ndikagwada pakamwa pankauma.

Koma chimene chinandidya koposa ndi amuna anga. Anasiya kundiyang'ana kumaso. Ndikalowa, iwo maso kukhoma. Ndikawapatsa chakudya, maso m'mbale. Ndinati mumtima mwanga, munthu uyu sakumva kanthu. Kapena akundiimba mlandu kuti ndinamusiya mwana. Kapena mwanayo kwa iwo sanali kanthu chifukwa anali wamkazi. Ndinadana nawo, abale. Kale ndinkawaitana kuti bambo a Feliya. Ndinasiya. Anangokhala "inu." Inu, madzi awo. Inu, tsekani chitseko. Kachipinda kakang'ono, anthu awiri, koma ngati aliyense ali m'dziko lake. Chaka chinatha. China chinatha. Mwana wina sanabwere.

Lachinayi lina masana ndinafika pa siteshoni m'tauni kuti ndikwere sitima yobwera kuno. Ndinaima pamphepete penipeni. Ndinayang'ana njanji. Zinkawala ndi dzuwa. Ndinaganiza kuti, ndikupita kuti? Kukakhala ndi munthu wosandiyang'ana? Mawa lake kukapesa tsitsi la mwana wa eni? Sitima inayamba kumveka. Mapazi anga anasendera okha. Sindinama m'nyumba ya Mulungu, anasendera.

Mayi wina wogulitsa malalanje anandikoka mkono mwamphamvu mpaka ndinakhala pansi. Anandikalipira m'chiPedi, mawu ambiri amene sindinawamve onse. Ndinangomva kuti, "Mma! Mma!" kutanthauza amayi. Anandikhazika pa bokosi lake. Anandisendera lalanje, n'kundiyang'anira mpaka ndinalimaliza. Dzina lake sindilidziwa mpaka lero. Ndinakwera sitima yotsatira. Sindinauze munthu. Ndinapulumuka, inde, koma m'kati ndinali chimodzimodzi.

Patapita miyezi ingapo, kunamwalira mkulu wina wa kwathu, a Jasi, amene ankagwira ntchito ya m'maluwa cha ku Pretoria West. Analibe mkazi kuno, analibe mwana, analibe mbale. Thupi kulitumiza kumudzi sikunatheke. Mpingo unamuika kuno. Ndinapempha dona kuti andilole kupita. Tinali anthu ochepa, Loweruka masana, mphepo ikuulutsa fumbi. Abusa atamaliza anati, "Pakhale mmodzi wa kwawo anene mawu." Anthu anayang'ana a Laisoni, poti midzi yawo inali yoyandikana.

Ine ndinati, munthu wosalankhula ameneyu anena chiyani? Anapita kutsogolo. Anavula chipewa. Anayang'ana m'dzenje nthawi yaitali. Kenaka anayamba, osati kulankhula, koma kulakatula. Ndakatulo, abale! Ndinali nditamva kuti ali mnyamata ankalakatula kusukulu, koma chikwatirane sindinawamvepo. Mawu ake ndinawasunga. Anati:

Achimwene, mwagona m'dothi losakudziwani.
Ndikuuzeni za ine amene ndatsala.
Ine ndine chitseko cha galimoto
cholendewera pa unyolo mu fakitale.
Andipenta, ndikuwala,
koma sinditsegulira munthu, sinditchinga mphepo.
Ndinasiya kakoloboyi kakuyaka pakhonde kwathu,
ndinati ndibwera mafuta asanathe.
Mphepo inafika ine ndisanafike.
M'nyumba mwanga muli chitsime.
Ndimachizungulira ndi ludzu,
koma ndimaopa kusuzumira,
ndingaonemo nkhope ya mwana.

Anasiyira pomwepo. Anthu ena anaganiza kuti akulira a Jasi. Ine ndinamva zonse. Zonse!

Kakoloboyi kaja sanakatchule dzina, koma ndinamuona Feliya, kamoto kakang'ono, kokha pakhonde, mphepo ikubwera. Chitseko chija ndinawaona amuna anga m'mawa uliwonse, atasamba, atavala, akupita kuntchito ngati munthu wamoyo, chonsecho akungolendewera. Ndipo chitsime! Chitsime chinali ine. Feliya anatenga nkhope yanga, mphuno, maso, mpata wa mano. Zaka zonsezo ndinkati sakundiyang'ana chifukwa chodana nane. Koma ayi. Ankaopa kuona mwana wawo pankhope panga. Ndipo anali ndi ludzu. Ludzu la ine!

Amayi anzanga anandigwira. Ndinalira kulira kumene sindinalire chiyambire tsiku la uthenga lija.

Pobwerera sitinakwere basi. Tinayenda pansi, iwo patsogolo pang'ono, ine pambuyo. Titafika pamalo popanda anthu ndinati, "Inu, bwanji simunandiuze?"

Anati, "Ndikanati chiyani, Nasibeko? Kuti zikundipweteka? Dzino nalo limapweteka. Ndinayesa mawu onse amene ndimawadziwa, onse anali aang'ono. Ndiye kufakitale, makina akamasokosa, ndinkayang'ana zitseko zija zikudutsa pamwamba panga, n'kumati, uyo ndine. Pamenepo mpamene ndinkapuma. Chinthu chikakhala ndi maonekedwe, umatha kuchinyamula."

Ndinati, "Nanga mwalakatuliranji pamaliro a eni?"

Anati, "Maliro a mwana wathu sindinawaone. Lero ndaona dzenje lotseguka. Ndalephera kudzigwira."

Tinayenda pang'ono. Kenaka anaima, n'kutembenuka. Anandiyang'ana kumaso, abale, kumaso kwenikweni. Anati, "Nanga inu? Zanu zikufanana ndi chiyani?"

Palibe munthu anali atandifunsapo chonchi. Onse ankafunsa kuti ndikupeza bwanji. Ine si mlakatuli, sukulu ndinalekezera panjira. Koma ndinaganiza za ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku, ndipo mawu anabwera okha. Ndinati, "Ine ndine chovala chimene anachichapa, n'kuchiyanika, n'kuchiiwala pa chingwe. Mvula yandinyowetsa, dzuwa landiumitsa, mvula yandinyowetsanso. Mtundu watha. Aliyense akungodutsa."

Kenaka anatambasula dzanja n'kundigwira mkono, pamsewu, masana, anthu akuona. Anati, "Ndachedwa, mayi a Feliya. Ndabwera kudzaanula."

Mayi a Feliya! Dzina la mwana wanga linatuluka pakamwa pa bambo ake.

Tsiku limenelo tinagwada tonse awiri m'kachipinda kathu. Sindinapemphere pemphero lalitali. Ndinangomuuza Mulungu za chovala chija, monga ndinawauzira amuna anga. Ndipo ndinamva kuti wamva. Ndinazindikira kuti Iye sadikira kuti tipeze mawu a m'tchalitchi. Ukamuuza kuti ndine chitseko, akumva. Ukamuuza kuti ndine chovala, akumva. Aleluya!

Musaganize kuti zonse zinakhala bwino. Ayi. Feliya sanabwerere. Mwana wina Mulungu sanatipatse, ndipo msinkhu wadutsa. Manda ake sindinawaone mpaka lero. Amayi anga, amene akanandilozera, nawonso anapita. Ndikadali kwa dona yemwe uja. Mwana wake tsopano ndi namwali, ndipo tsiku lina adzakwatiwa ine ndikusita diresi. Masiku ena ndimadzuka mtima uli wolemera ngati poyamba. Ndipo mukuona nokha mmene zinthu zilili mu lokesheni muno zaka zino, utsi, kuthamangitsana, makolo kuika ana m'manda. Misozi sinathe.

Koma ndikuthokoza. Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha mayi wa malalanje uja. Ndikuthokoza chifukwa cha a Jasi, amene anafa opanda mbale koma manda awo anatsegula pakamwa pa amuna anga. Ndikuthokoza kuti m'nyumba mwathu tsopano timalankhula. Timadyera pamodzi. Timayang'anana.

Masiku ano ndikamva kuti mayi wina wa kwathu walandira uthenga wa maliro ndipo sangathe kupita, ndimapita kukakhala naye. Sindimuuza kuti alimbe mtima. Ndimangokhala. Akatopa kulira ndimamufunsa kuti, "Mwana wanga, zako zikufanana ndi chiyani?"

Mwezi wathawu ndinakhala ndi mtsikana wina, wangobwera kumene, mayi ake amwalira ku Dedza. Nditamufunsa anati, "Eish, amayi, sindidziwa." Anapotokola nsonga ya chitenje. Ndinadikira. Kenaka anati, "Ndili ngati mwana wankhuku amene anamugula pamsika, n'kumuika m'thumba. Ndikumva anthu akulankhula kunja, koma sindikudziwa kumene akundipititsa."

Ndinati, "Ndamva. Tiye timuuze Mulungu chomwecho."

Tinagwada pa simenti, ndipo anamuuza.

Dzina la Ambuye lilemekezeke. Amen.