Kawilo ka Bambo a Lusekelo

M'masiku a chipani chimodzi, Loweruka lina mvula itayamba kuchepa, agogo anu aamuna sanapite kumtsinje. Nyengo imeneyo nsomba za mpasa zimakwera mumtsinje wa Rukuru, ndipo munthu uja pa Loweruka la mpasa simukanamukhazika pansi ngakhale ndi chingwe. Koma tsikulo anatulutsa tebulo laling'ono pakhonde, nayalapo nsalu yoyera, n'kunena kuti kawilo kakugwira, sapita. Pitirizani kusankha mpungawo, ana inu, makutu safuna manja.

Kawilo kameneka ndi kamene wakapeza m'sutikesi yanga, iwe Atupele. Ndi kamakina kokulungira twaini, komangirira kundodo yowedzera, ndipo nthawi imeneyo m'dera lathu lonse kanali komweka. Anakagula ku Mbeya asanandikwatire. Anzake ankawedza ndi bango kapena kutchera miono, ndipo ankamuseka kuti nsomba za mu Rukuru sizinapite kusukulu, sizidzazindikira ulemu umene akuzipatsawo. Lero zinthu zotere mumazigula zapulasitiki, zikathyoka mumataya, koma kale chinthu chachitsulo chinkakalamba pamodzi ndi mwini wake.

Ankagwira ntchito pachipatala chaching'ono cha kumudzi, ndipo tinkakhala m'nyumba ya chipatalacho. Ine ndinali mphunzitsi wochokera ku Ntcheu, Chinkhonde chikundipotabe lilime. Kawiloko ankakasamala monga ankachitira ndi odwala ake, kumvetsera kaye, kutsegula pambuyo. Ankati kakamalira mokhadzula ndiye kuti mwalowa mchenga, chopukusira chikamabwerera m'mbuyo ndiye kuti kasipuling'i katopa, ndipo twaini akamaunjikana mbali imodzi ndiye kuti kamphete kena kadyeka.

Tsikulo ine ndinali ndi zochapa, koma anandiitana. "Aphunzitsi, tabwerani mundigwirire timasikuluwu, manja anga ali girisi yekhayekha."

Ndinawayankha kuti zovala sizidzichapa zokha, iwo n'kuti zovala sizinathawepo m'beseni. Ndinakhala pampando ndi chikhatho chotambasula, iwo akumasula kachitsulo kamodzikamodzi, kukatsuka m'mbale ya palafini ndi nthenga ya nkhuku, n'kukaika pansalu paja, kuyambira kumanzere kumka kumanja. Tinacheza zopanda mutu. Za mano a Lusekelo, mayi wanu, amene anali akutuluka kumene, za mbuzi ya oyandikana nawo imene inkadya magwafa athu, ndipo anandifunsanso za kwathu, ngati achimwene anga anali atafolera nyumba yawo ndi malata. Ndinaseka chifukwa za kwathu sankazifunsa kawirikawiri.

Dzuwa lisanafike paliwombo, galimoto inaima pansi pa mtengo wa mango. Munatuluka amuna awiri ovala bwino, ndipo anatipatsa moni mwaulemu, m'Chichewa cha kwathu kwenikweni, n'kunena kuti a dokotala akufunidwa ku boma kukalongosola kankhani kakang'ono. Agogo anu sanafunse kuti nkhani yanji. Anapukuta manja, navala jekete, n'kuloza patebulo paja.

"Musasunthe kanthu, amayi a Lusekelo. Mukasokoneza mndandandawu, sikabwereranso."

Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Mawu a mndandanda aja ndiwo omaliza amene ndinamva kwa agogo anu.

Musandifunse mlandu wake, pakuti palibe anandiuza. Lero munthu akachedwa pang'ono mumamuimbira foni, mukadandaula mumapita pawailesi, koma nthawi imeneyo ukafunsa kawiri unkayamba kufunsidwa ndiwe. Ndinayenda m'maofesi, ndipo paliponse ankandipatsa mpando, n'kundiuza mofatsa kuti dzina limenelo sakulidziwa. Anthu anasiya kubwera kunyumba. Amayi amene ndinkatunga nawo madzi ankandipatsa moni wa "mugonile" ali kutsidya kwa msewu, maso ali kwina. Sindinawasungire chakukhosi, nawonso anali ndi ana.

Tebulo lija ndinalikokera m'nyumba pang'onopang'ono, ndikuyang'ana kuti pasagubuduke kanthu, n'kulivundikira ndi lichero. Tinayamba kudyera pamphasa. Mukudziwa chinyezi cha kuno mmene chimadyera chitsulo, ndiye Loweruka lililonse ndinkanyamula kachitsulo kalikonse, kukapaka mafuta a makina osokera, n'kukabwezera pa chizindikiro chake chimene girisi anasiya pansalu. Mvula ina inabwera, inapita. Lusekelo anayamba kuyenda, ndipo mawu oyamba amene anawamvetsa bwino anali akuti "osakhudza."

Kenako kunabwera kalaliki, mnyamata waulemu, akuyang'ana nsapato zake, kudzanena kuti nyumba ikufunika kwa wogwira ntchito watsopano, mwezi ukatha ndikhale nditatuluka. Ndinapeza malo kusukulu ya ku Lupembe, ndipo katundu anayenera kupita pangolo ya ng'ombe. Bedi ndi mapoto sizinandivute. Koma tebulo lokhala ndi tizitsulo toyala silikwera ngolo, ndipo kutiwolera m'chitini kukanakhala kusokoneza mndandanda uja. Ena amene anatengedwa ankabwerako, owonda, osalankhula, ndipo ine ndinkadziuza kuti agogo anu akadzabwera chomwecho ndidzawapatsa ndodo yawo m'manja, kawilo kali kamoyo, apite kumtsinje kumene sikufunsa munthu mafunso. Kumanga ndekha sindikanatha. Kunyamula sindikanathanso.

Pamsika wa ku boma panali fundi wina, a Kayuni, wokonza mawotchi ndi makina osokera pakhonde la sitolo, munthu wamfupi wa nthabwala, amene agogo anu anamusokapo bala la pamwendo. Ndinaima pambali pake n'kulongosola motsitsa mawu. Iwo sanadzutse mutu, anangopitiriza kusuzumira m'wotchi, kenako analankhula mokweza kuti onse apakhondepo amve.

"Makina anu osokera aja akudumphabe ulusi, madamu?"

Ndinati makinawo ali bwino. Anabwereza funso lomwelo, mokwezanso, ndipo ndinazindikira kuti akubisa nkhani yathu. Ndinati akudumpha kwambiri.

Anabwera masanasana pa njinga, botolo la mafuta a makina lili m'manja poonekera, akupereka moni kwa aliyense m'njira. Nditavundukula lichero lija anaimba kamluzu n'kunena kuti a dokotala anasiya wodwala ali chitsegulire patebulo la opaleshoni. Atatero anavula chipewa.

Anandifunsa kuti kawiloko kankalira bwanji kasanamasulidwe. Ndinaganiza, ndipo ndinapeza kuti sindinakamve. Ndinangouzidwa kuti kakugwira. A Kayuni anati chabwino, tiyamba ndi mano. Anaika galasi lawo la mawotchi padiso, natenga gudumu la mano lija n'kuyendetsapo chikhadabo, dzino ndi dzino, kufikira atazungulira. Anatenga kasipuling'i, nakakoka, nakasiya, n'kukatchera khutu. Kamtengo kachitsulo ka pakati anakagubuduza pagalasi langa loyang'anira nkhope kuti aone ngati kanapindika. Anaunika timphete padzuwa. Anapemphanso mbale ija ya palafini, imene inali itauma kalekale pansi pa tebulo, napaka chala m'matsalira akuda aja n'kufikisa pafupi ndi khutu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo munthu uja anadekha, sanafulumire ngakhale ankadziwa kuti njinga yake ili panja pa nyumba imene anthu ankailambalala.

Ndiye anayamba kumanga, kuchokera kumanja kubwerera kumanzere, ine nditatambasulanso chikhatho ndi timasikuluwu. Nsalu ija inayamba kuyera malo amodziamodzi, ndipo pamene inkayera ine ndinkayang'ana kunja. Atamanga komaliza anapukusa, ndipo kanazungulira mosalala, kakulira kaphokoso kake kabwino kaja kamene ndinkamva Lachisanu lililonse agogo anu akukonzekera. Anayesa kubweza chopukusira m'mbuyo, chinakana monga kuyenera. Anandipatsa nsonga ya twaini kuti ndikoke ngati nsomba, ndinakoka mpaka pakhomo, iwo n'kukulunga, ndipo twaini anagona bwinobwino, osaunjikana. Sanakhutire. Anamasulanso konse, nayang'ananso, namanganso.

Agogo anu sanabwere, zimenezo mukuzidziwa. Chipani chimodzi chitatha, anthu analankhula zambiri, mayina anatchulidwa, koma lawo silinatuluke paliponse, ndipo manda amene timalambula chaka ndi chaka aja mulibe munthu. Ndinaphunzitsa ku Lupembe mpaka kupuma ntchito, kawilo kali m'sutikesi.

Atupele, ukatenge, ukawedzere. Ukabwerako uzikapukuta, usamakagoneke pamchenga, ndipo mafuta usachulutse, dontho limakwana. Ndipo nonsenu, wina wa m'nyumba mwanu akadzakuitanani kuti mukhale naye pansi, mumugwirire kanthu kakang'ono kamene akanatha kungokaika pambale, musamawerenge ntchito zimene zikukudikirani. Khalani, ndipo zimene akufunsazo muziyankha mofatsa.

Tsiku lija ndinawaperekeza a Kayuni mpaka panjinga, ndipo ndinawathokoza kuti "ndaga fijo" ndi lilime langa la ku Ntcheu. Sanaseke. Anamanga botolo la mafuta pakaliyala, nalimasula, nalimanganso, kenako analankhula akuyang'ana tcheni.

"Musandithokoze, madamu, ine sindinakonze kanthu. Kawiloko kanalibe vuto. Ngakhale mchenga munalibe."