Mphunzitsi Akati "Ndadzuka Pang'ono"

Olemekezeka a Wapampando a msonkhano uno, Bambo Kenani, olemekezeka a Mkulu wa Maphunziro m'boma lino la Lilongwe, a Wapampando a komiti ya sukulu, Bambo Goliati, abusa ndi mashehe, aphunzitsi aakulu, makolo amene mwasiya ntchito zanu ku Area 10 ndi ku Area 11 kuti mudzakhale nafe, ndi inu aphunzitsi, eni ake a tsiku lino: ndikupatsani moni nonse.

Ndikuthokoza kuti mwandiitana ine Marcelina Chikaonda, woyendera sukulu. Ndinazolowera kuti ndikangotsika njinga pasukulu, aphunzitsi amayamba kukhosomola ndi kufunafuna choko. Lero mwandilandira ndi m'manja ndi nthungululu, moti ndikakawauza abambo kunyumba sakakhulupirira.

Likulu lasamuka, ndipo tonse tikunyadira nyumba zikuluzikulu zikumera pa Capital Hill. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo matope a Lilongwe nsapato zanu zawadziwa kale. Ambiri mwa inu mwachokera ku Zomba, ena ku Mzimba, ena ku Chikwawa. Mwasiya mabanja, mwasiya mipingo, mwasiya manda a makolo anu, n'kudzakhala mumzinda umene malo ake amatchulidwa ndi manambala, manambala akenso osatsatana, oti ngakhale aphunzitsi a masamu amasochera. Inde, sekani. Koma ndikudziwa kuti alipo ena pano amene mumtima mwawo akuti: teremu ino ikangotha, ine basi, ndibwerere kwathu.

Ndiloleni ndikuuzeni za mtsikana wina amene anaganizapo chimodzimodzi. Mtsikanayo ndine.

Ndinatumizidwa kudzaphunzitsa ku tauni yakale, tsidya la mtsinje, Likulu tisanalilote n'komwe. Patchuthi, ndisanabwere kuno, ndinali nditaika mwana wanga woyamba, Immaculata, kwathu ku Ntcheu. Kuno panalibe wodziwa, ndipo ine sindinauze munthu, poti mphunzitsi amayenera kuoneka wolimba. M'mawa uliwonse anthu amati, mwadzuka bwanji aphunzitsi, ine n'kuyankha kuti ndadzuka pang'ono. Nonse mukudziwa kuti kumudzi munthu akati pang'ono, womupatsa moniyo amaima, n'kufunsa chavuta. Koma m'tauni moni timaponya tili chiyendere: anthu amamva "ndadzuka", amati zikomo, n'kuthamangira basi. Ndinaphunzitsa ana a eni ake kuwerenga mtima uli kumanda, ndipo zinandiwawa kwambiri. Ndinamanga katundu wanga. Loweruka lake ndinati ndikwere basi, choko ndisadzachigwirenso.

Lachinayi, pa chipata cha sukulu, ndinakumana ndi Mayi Rahima, kholo la mwana wa m'kalasi mwanga, amene ankagulitsa nsalu pa Msika wa Lilongwe. Anali atasenza mtolo wa zitenje, akufulumira kukayala malonda. Anandipatsa moni, ine n'kuyankha monga mwa masiku onse. Mayi aja anayenda pang'ono, kenaka anabwerera, natula mtolo wawo pafumbi pomwepo, nakhala pansi.

"Aphunzitsi," anatero, "pang'ono ameneyu ngwachiyani?"

Ndinalira ngati mwana, ana a sukulu akuona. Tsiku limenelo mayi aja sanayale malonda. Mawa lake madzulo anabwera ndi amayi anzawo a mumsika, Asilamu ndi Akhristu omwe, nayala mphasa pakhonde panga, nandipepesa maliro a mwana amene sanamuonepo nkhope. Anamutchula dzina lake. Loweruka basi ija inapita popanda ine, ndipo ndi chifukwa chake ndaima pano lero, imvi zili mbuu.

Aphunzitsi anzanga, sabata ino mukonza ndondomeko za maphunziro, mugawana makalasi, muwerenga mabuku ochepa amene afika. Zonsezo n'zofunika, ndipo ndidzabwera kudzaziona, musaganize kuti ndafewa. Koma mphunzitsi si bolodi loti mungolipaka makala chaka chikamayamba. Amadwala, amasungulumwa, amaferedwa, ndipo amene mtima wake wasweka sangasenze ana odzaza kalasi. Chipinda cha aphunzitsi chimene komiti yamangachi chisakhale mosungiramo makope okha; mukhale momwe munthu angathe kunena za kumtima kwake, pakuti kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.

Inu aphunzitsi aakulu, musamangoyang'ana wotchi mphunzitsi akamalowa pa chipata. Yang'ananinso nkhope yake. Inu makolo, ngakhale mumagwira ntchito kuseri kwa mipanda, munachokera m'midzi yozungulira pomwe pano, ndipo kuzonda wodwala ndi kupepesa woferedwa simunaiwale. Alendowa alibe abale kuno. Abale awo ndinu.

Ndipo iwe mwana wanga, kaya uli pa benchi iti, amene katundu wamanga kale: usakwere basiyo usanauze munthu.

Ndi mawu amenewa, a Wapampando, ndikulengeza kuti chipinda cha aphunzitsi, pamodzi ndi msonkhano wokonzekera chaka chatsopano cha sukulu, zatsegulidwa. Tisanalowe, aliyense atembenukire mnzake amene ali naye pafupi, amufunse m'mene wadzukira. Akayankha kuti pang'ono, tulani katundu wanu. Ife tikudikirani.

Zikomo kwambiri.